Ndawapeza Bambo

Marianna, Arkansas
12 Malichi 1989

Wendell mlongo wanga,

Moni kumeneko. Ife kuno tilipo, mvula yokhayokha, ndipo denga la pakhonde likudonthabe pomwe unalisiya likudontha. Kaya iwe uli bwanji, poti chinthu chomaliza kuchokera kwa iwe chinali khadi la Khirisimasi, nalonso la mawu ochepa kuposa a pa sitampa.

Usaope, sitikupempha ndalama. Lachinayi tinamva pa wailesi kuti kampani yanuyo ikusonkhanitsa nyimbo zonse zotchuka za malemu Ozella Dupree pa chimbale chimodzi, mwa tizimbale tatsopano tonyezimira tija, ta CD. Amayi anali kusenda mbatata. Anaika mpeni pansi n'kufunsa kuti, "Earline, si kumene amagwira ntchito Wendell kumeneko?" Ndinati ndi komweko, ntchito yake n'kuchotsa phokoso m'matepi akale. Iwo anati, "Ndiye ukudikira chiyani? Tenga pepala."

Ukudziwa chimene akufuna. Ndi nyimbo ya "Usandidikire Pageti," ija Bambo anaimbamo ng'oma ku Memphis, Ozella adakali kamtsikana kosadziwika. Kumapeto kwenikweni, nyimbo itatha, kumamveka kuseka kwa Bambo ndi mawu awo aja oitana Amayi akuti, "Neecie, tereka khofi, ndikubwera!" Mawu a Bambo otsala pa dziko lino ndi omwewo basi. Iwe unali mwana pamene ankamwalira, mwina kwa iwe ndi nthabwala chabe. Koma Amayi, Lamulungu lililonse akangofika kuchokera ku tchalitchi, chipewa chili kumutu, amaika singano ya galamafoni pa chimbale chawo chakale, kumapeto komweko, n'kupita kukatereka khofi.

Tsono chimbale chija chatha, Wendell. Mizere yakumapeto yachita kuyera. Ndinaika khutu langa pa sipika penipeni, ndinangomva kuwayawaya ngati mafuta a nsomba pa chiwaya. Amayi amati vuto ndi singano. Tasintha singano, palibe chasintha.

Nkhani yachiwiri ndi imene yandisowetsa mtendere. Ndinapita nawo kwa dokotala wa makutu. Khutu lakumanzere linafa kale, lakumanja nalo likupita, ndipo kachipangizo kovala m'khutu sikathandiza kwenikweni poti vuto ndi mitsempha. Sananene kuti litsekeka liti, koma polankhula ankayang'ana ine m'malo moyang'ana Amayi.

Ndiye chonde, pa chimbale chanu chatsopanocho Bambo akhalepo, ndipo Amayi awamve khutu lidakalipo. Yankha. Dzanja lako silinathyoke.

Mlongo wako,
Earline


Los Angeles
27 Malichi 1989

Achemwali,

Moni nonse kumeneko, mundipsompsonere Amayi pamphumi. Ine ndili bwino, kungoti galimoto yanga yayamba kutsokomola ngati Amalume Otha. Za khutuzo zandipweteka kwambiri. Bwanji simunandiuze kale?

Tiyeni ndikuuzeni zoona zake, musadzandizazire pambuyo pake. Ine pano sindine bwana. Amene amasankha nyimbo ali m'chipinda chapamwamba, ine ndili pansi, kopanda ndi windo komwe, ndi matepi anga. Komanso chimbale cha nyimbo zotchuka amaikamo nyimbo mmene anthu ankazimvera pa wailesi. "Usandidikire Pageti" imene dziko lonse likuidziwa ndi yofupikitsa ija, imene imazilala pang'onopang'ono Ozella adakaimba. Inafupikitsidwa Ozella atasamukira ku kampani yathuyi. Yaitali ija, ya Bambo, inangotuluka pa zimbale zochepa za kakampani ka ku Memphis, ndipo china mwa izo ndi chomwe Amayi achipera ndi singanocho.

Koma mwayi ulipo. Kakampani kaja katagwa, athu anagula matepi ake onse n'kuwaunjika m'nyumba yosungiramo katundu kutsidya kwa tauni. Akuti mulibe dongosolo, mabokosi ali mbwee. Ndapempha kuti ndizipitako Loweruka. Tepi yoyambirira ikapezeka, mabwana ndithana nawo, ngakhale kuwagwadira. Akakana, ndijambulira Amayi kaseti yawoyawo.

Chimodzi chokha: musawalonjeze kanthu Amayi. Mwamva, Achemwali? Pakamwa panu ndimapadziwa.

Ndipo musamati kwa ine ndi nthabwala. Nkhope ya Bambo sindiikumbukira. Ndimangokumbukira ndili pansi pa tebulo, Amayi akuika singano.

Ine wanu,
Wendell


(Positikhadi ya chithunzi cha msewu wa migwalangwa)

Los Angeles, 15 Epulo

Achemwali! NDAWAPEZA BAMBO! Bokosi lafumbi, kuseri kwa shelefu, dzina lawo lolembedwa ndi pensulo: Hosea Gatlin, ng'oma. Zambiri m'kalata. W.


Marianna, Arkansas
26 Epulo 1989

Wendell iwe!

Moni, moni, moni! Mulungu akudalitse, mwana wa amayi anga, ndabweza mawu onse oipa amene ndinakunenera chiyambire chaka chino, kupatula a denga aja.

Unati ndisawalonjeze kanthu Amayi, kenako iwe mwini n'kulemba nkhani yotere pa positikhadi yopanda envulopu? Kodi waiwala Bambo Purvis otibweretsera makalata? Anaiwerenga ali pa kona, n'kufika pageti akukuwa kuti, "Mayi Gatlin! Mwana wanu wawapeza a Hosea!" Ine ndinali ku ntchito, kukhitchini ya kusukulu. Pobwera ndinapeza Amayi atakhala pa masitepe, khadi lili pachifuwa, akulira uku akuseka. Sindinawaonepo choncho.

Lamulungu anaimirira m'tchalitchi nthawi ya maumboni n'kuuza mpingo wonse. Mayi Pettus anagwa m'mipando, anachita kuwakupiza. Abusa anati ngakhale ndi nyimbo ya kudziko, Mulungu amadutsa pomwe wafuna. Tsopano ndikapita kogula nyama aliyense akufunsa kuti, "A Hosea afika liti?" ngati akubwera pa basi.

Ndagula kale makina oimbira CD. Wogulitsa anandionetsa mabatani kawiri konse, ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndamva. Ali pa kabati, Amayi awafunditsa kansalu koluka. Chimbale chakale chija achikulunga m'pilo n'kuchiika m'sutikesi, akuti chipume, chagwira ntchito yake.

Tsono kaseti unanena ija, tumiza msanga, tisadikire mabwana ako. Dzulo ndinawaitana Amayi kuchokera kuchipinda katatu, sanatembenuke. Ndinachita kuwagwira paphewa.

Kalata ya "zambiri" ija tikuidikira.

Earline


Marianna, Arkansas
3 Juni 1989

Wendell,

Moni ngati udakali moyo. Ife tilipo, thonje lamera, kutentha kwayamba.

Kodi chavuta n'chiyani? Epulo watha, Meyi watha. Kalata palibe, kaseti palibe. Ndikaimba foni ndimangolankhula ndi kamakina kako kaja, "Siyani uthenga," siyani uthenga chiyani, ndine wokugulitsa inshuwalansi ine? Kuntchito kwanu kamtsikana kena kanati uli m'situdiyo sungasokonezedwe. Ndinakauza kuti ine ndinakusintha matewera, ndingakusokoneze nthawi iliyonse. Kanadula foni.

Ndaganiza zambiri. Mwina wapeza mkazi, ndiye mutu wazungulira. Ngati ndi choncho, zabwino zonse, koma mkaziyo alibe amayi? Mwina mabwana akukweza, tsopano ukuchita manyazi ndi ife a kuminda ya thonje. Kapena ukufuna kudzatidzidzimutsa ndi chimbale chenichenicho, chokulunga m'pepala lonyezimira, kuti tidzakuombere m'manja. Ngati ndi zimenezo, leka. Khutu silidikira pepala lonyezimira.

Ndikuuze mmene zinthu zilili. Amayi asiya kwaya. Anayamba kulowa nyimbo anzawo asanalowe, ana kumbuyo n'kumaseka, iwo anaona. Foni ikalira saimva. Wailesi amaikweza mpaka makapu kunjenjemera m'kabati. Koma tsiku lililonse Bambo Purvis akamadutsa, iwo amakhala ali kale pageti, ndipo bamboyo tsopano amangopukusa mutu ali patali, akuchita manyazi ngati wolakwa ndi iyeyo.

Ine sindikugona bwino, ndikupsa mtima ndi ana a kusukulu popanda chifukwa. Lemba, ngakhale mzere umodzi.

Earline


Los Angeles
19 Juni 1989

Achemwali,

Moni, pepani kwambiri. Mkazi palibe, kukwezedwa palibe, ntchito yokhayokha. Amayi ali bwanji? Muwauze ndimawaganizira tsiku ndi tsiku.

Chimbale chituluka kumapeto kwa Ogasiti. "Usandidikire Pageti" ilipo, ndipo ndaikonza ndi manja angawa. Ng'oma za Bambo ndazikweza, zikumveka ngati ali m'chipinda momwemo. Ndamenyanso nkhondo kuti dzina lawo lilembedwe m'kabuku ka m'chimbale, poti zaka zonsezi silinalembedwepo paliponse. Avomera.

Za kaseti, ndipatseni nthawi pang'ono. Pali kena kamene ndikusakasaka.

Wendell


Los Angeles
9 Ogasiti 1989

Achemwali,

Moni. Kalata iyi muwerenge muli nokha, makamaka kuntchito.

Mawu a Bambo palibe. Pa chimbale palibe, pa tepi palibe.

Positikhadi ija ndinailemba nditaimirira pa positi ofesi, bokosi lili kukhwapa, tepi ndisanaimvetsere. Ndinangoona dzina lija la pensulo, mutu unaima. Lolemba ndinaiika pa makina. Nyimbo inayamba bwinobwino, Ozella, malipenga, ng'oma za Bambo zili gu gu gu. Ndinaimirira kudikira mapeto. Nyimbo isanathe n'komwe, tepi yofiirira inathera pa kachigamba, kutsogolo kwake n'kungokhala tepi yoyera yopanda kanthu.

Kale ankafupikitsa nyimbo ndi lezala, Achemwali. Munthu amagoneka tepi pa kachitsulo, n'kudula, chotsalacho n'kugwera pansi, wosesa n'kudzasesa. Amene anafupikitsa nyimboyi sanavutike kujambula ina yoti adule. Anadula yoyambirira yomweyo. Kwa iyeyo linali phokoso chabe la woimba ng'oma wina wake akuitana mkazi wake. Ine ndemwe ntchito yanga ndi yomweyo, kuchotsa zotsokomola ndi zoseka za anthu, ndipo sindinayambe ndadzifunsapo kuti ndi za bambo a ndani.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikusaka chimbale china cha ku Memphis chonga cha Amayi. Ndalembera osunga zimbale zakale ku Chicago, ku New Orleans, mpaka ku England. Ndagwada m'masitolo a zakale mpaka mawondo a thalauza kutha. Mkulu wina ku Oakland anati anali nacho, ndinayendetsa galimoto tsiku lathunthu, n'kukapeza kuti ndi chofupikitsa chomwe chija. Ndinkati ndikachipeza ndilemba zonse pamodzi, choipa ndi chabwino. N'chifukwa chake foni yanu ndinkangoiyang'ana ikulira. Ndinkachita mantha, osati matama.

Kampani itumiza chimbale kwa mabanja a onse oimba amene mayina awo ali m'kabuku, koma akuti kumapeto kwa mwezi. Ndiye nthawi ilipo. Muwakonzekeretse Amayi pang'onopang'ono, inu mumadziwa kulankhula nawo. Kapena dikirani, ndapempha tchuthi, ndidzanene ndekha. Chachikulu, asachiimbe asanauzidwe.

Mundikhululukire.

Wendell


Marianna, Arkansas
14 Ogasiti 1989

Wendell,

Moni ndikupatsa chifukwa Amayi anatilera bwino, osati chifukwa ndikufuna.

Kalata yako yafika lero Lolemba. Chimbale chinafika Lachisanu. Kaya ndani kumeneko anafulumira kutumiza, koma Bambo Purvis anabwera nacho akuthamanga, munthu wamkulu ngati uja, chipewa m'manja.

Amayi anakana kuchitsegula. Anati a Hosea ndi a Lamulungu. Loweruka lonse tinakhalira kuphika, mlamba wokazinga, nkhuku, chigumu, keke ya mbatata. Anapita kokakonzetsa tsitsi. Dzulo titachoka ku tchalitchi nyumba inadzaza: Mayi Pettus, Amalume Otha, amayi a kwaya, Abusa, ndi Bambo Purvis amene, atavala tayi. Ndinawerenga dzina la Bambo m'kabuku mokweza, anthu anaomba m'manja. Pamenepo ndinakunyadira, ndisaname.

Amayi anakokera mpando pafupi ndi sipika, khutu lakumanja kutsogolo. Ndinadina batani. Ng'oma zitayamba Amalume Otha anakuwa kuti, "Ndi yemweyo! Dzanja lamanzere lija ndi lomwelo!" Anthu anayamba kuvina pang'ono m'mipando. Amayi okha anali phee, maso otseka, akudikira.

Kenako nyimbo inayamba kuzilala. Ndinakweza. Inapitirira kuzilala. Ndinakweza mpaka batani kufika pothera. Kunangoti zii, kenako nyimbo yotsatira inaphulika ngati bomba, mdzukulu wa Mayi Pettus n'kuyamba kulira. Ndinazimitsa.

Palibe anayang'ana mnzake. Amayi anatsegula maso n'kundiyang'ana ine.

"Earline, alankhula?"

Wendell, ukanaona nkhope imene ija. Ine mawu anangotuluka okha. Ndinati, "Alankhula, Amayi."

Anatembenukira kwa Mayi Pettus. "Mwawamva, a Idella?"

Mayi Pettus, munthu amene sananamepo chibadwire, anati, "Bwinobwino, Vernice. Ngati ali pakhomo apa."

Amalume Otha anagwedeza mutu. Abusa anayang'ana nsapato zawo, koma nawonso anagwedeza.

Amayi anadzigwira khutu n'kunena motsitsa kuti, "Basi, ndiye kuti latha." Anadzuka n'kuyamba kugawira anthu chakudya, akumwetulira, kufunsa aliyense ngati akufuna chigumu china. Ine ndinathawira kubafa n'kutsegula mpope kuti anthu asandimve.

Ukanandiuza mu Epulo, mlongo wanga. Ndikanalira, ndikanakutukwana, kenako tikanapeza mawu owauzira. Taona tsopano pomwe wandiika. Ndikawauza zoona, ndiye kuti mawu a amuna awo anaseseredwa kudzala kalekale, ndipo ine, Mayi Pettus ndi Abusa tinawanamiza m'nyumba mwawo. Ndikakhala chete, adziyesa ogontha pomwe khutu lidakamvako. M'mawa uno ndinagwetsa supuni kukhitchini, anatembenuka. Anaimva, Wendell! Koma anangoti, "Zachabechabe ndiye ndikumva."

Sindikudziwa chochita. Za wodula ndi lezala uja ndamva, si iwe unadula. Koma mtima wanga sunafike pokukhululukira. Tchuthi chakocho fulumira nacho.

Earline


Marianna
20 Ogasiti

Mwana wanga Wendell,

Moni mwanawe. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo, dzanja lakalamba. Ukudya bwino kodi? Pa chithunzi chomaliza unali wowonda, khosi lokhalokha.

Ndati ndikuthokoze. Wagwira ntchito yaikulu. Dzina la bambo ako ndaliona ndi maso anga m'kabuku, analilemba bwino, osalakwitsa. Ng'oma zawo ndikuzimva, makamaka ndikaika dzanja pa kabati, zimabwera m'mkono mpaka m'chifuwa. Anali kumenya choncho munthu uja, ngati wakwiya ndi ng'omazo, chonsecho kunyumba sankatha kupha ndi nkhuku yomwe.

Mawu awo okha ndiwo sindikuwamva. Usadandaule, si vuto lako, wachita mbali yako. Khutu langolephera kukudikira, basi. Ndinalira tsiku limodzi, ndasiya. Ndimadzitonthoza kuti tsopano ali m'nyumba za anthu dziko lonse, mpaka kwa azungu a ku England, akundiitana dzina langa. Amene ankanditcha Neecie ndi iwo okha. Ukadzakhala ndi ana udzawaimbire, adzamve agogo awo.

Earline sakuoneka bwino masiku ano. Ndikamupempha kuti andiikire nyimboyo amaika, ndipo ndinamuuza kuti azikweza chala pamene bambo ako ayamba kulankhula, kuti ndizidziwa. Amakweza, koma akuyang'ana kuwindo. Mwina mwakanganako, inu awiri simusowa chokanganira. Umulembere mawu abwino, watopa nane.

Tsono pali kanthu kamodzi kakundisowetsa mtendere, ndipo n'chifukwa chake ndatenga cholembera. Kuyambira pamene chimbale chakale chija chinayamba kuwayawaya, ndakhala ndikuwamva m'mutu mokha, ndiye ndayamba kusokoneza. Kodi amayamba ndi kuseka kenako n'kundiitana, kapena amandiitana kaye n'kuseka pambuyo? Ndinafunsa Earline, akuti amayamba ndi kuseka. Ndinafunsa a Idella Pettus, akuti amayamba ndi mawu. Amalume ako Otha akuti zonse pamodzi. Anthu atatu, makutu abwinobwino, anali m'chipinda chimodzi!

Iwe ndiwe unawapeza, unawamva pa tepi yeniyeniyo, pafupi, kambirimbiri. Ndiuze mmene zilili, ndikhulupirira iweyo. Uyankhe msanga, mwanawe, usachite zako zija zokhala chete.

Amayi ako,
Vernice Gatlin